Maphunziro a pa sitima yankhondo: bwanji sangasunthidwe ndi sabata imodzi yokha?

aNaphiri (Mabvuku): Mwaswera bwanji nonse a pagulu. Ndili ndi funso kwa amene mukudziwa za asilikali a pamadzi. Mwana wanga wamwamuna uja ali pa sitima yankhondo kunja wandiuza kuti sabwera pa chinkhoswe cha mlongo wake. Akuti sitima yawo yangotuluka kumene kokonzedwa, ndiye akulowa maphunziro a milungu 6, palibe wopatsidwa tchuthi. Ine mtima ukundiwawa. Nkhondo kulibe, usilikali anaphunzira kale mpaka anapambana. Nanga maphunziro enawa ndi achiyani, ndipo sangawasunthe ndi sabata imodzi yokha? Kapena mwanayu akungondizemba?

aNabanda (woyang'anira gulu): Pepani aNaphiri, n'zowawa ndithu. A Mbewe ali pagulu pano, iwo anagwirapo ntchito ya pamadzi imeneyi. Bambo, tatithandizani.

A Gondwe (Mbare): Asilikali amangokonda kuvutitsa ana a eni. Sabata imodzi ingamize sitima?

Bambo Mbewe (Highfield): Mayi, mwanayo sakukuzembani. Pa nyengo zonse za sitima, imeneyi ndiye yovutitsitsa kupempha tchuthi.

Maphunziro amene anapambana kumtunda aja anali ake yekha. Amene akulowa tsopanowa ndi a sitima yonse. Sitima ikakhala miyezi pa doko ikukonzedwa, anthu amasintha. Ena apuma ntchito, ena akwezedwa n'kutumizidwa kwina, ena abwera achilendo. Makina ena amachotsedwa n'kuikamo atsopano. Tsiku lotuluka muli ndi anthu ambirimbiri, aliyense ndi setifiketi yake, koma sanazimitsepo moto limodzi, sanatsekepo chiboo cha madzi limodzi, sazindikirana ngakhale mawu pa wailesi mumdima. Milungu 6 imeneyo ndi yowasandutsa gulu limodzi. Mwana wanu ali ndi malo ake olembedwa: moto ukabuka amaima pakuti, belu losiya sitima likalira amathamangira ku boti lakuti. Akachoka iye, si iye yekha waphonya. Anzake aphunzira ndi mpata pakati pawo, kapena ndi munthu wobwereka amene sadzakhalapo tsiku la ngozi.

Kunena za kusuntha, ndandanda imeneyi siili m'manja mwa kaputeni. Oyesa sitima amachokera kumtunda ndipo ali ndi sitima zina pamzere. Dera la nyanja lowomberako mfuti amalembetsa kukadali miyezi. Helikopita, sitima yothira mafuta, sitima yoyenda pansi pa madzi imene idzakhale ngati mdani, chilichonse chili ndi ndandanda yake. Ku Britain gulu loyesa sitima lotchedwa FOST linayamba mu 1958 ku Portland, pano lili ku Plymouth, ndipo ngakhale sitima za Germany ndi Netherlands zimakayesedwa komweko. Lachinayi lililonse amachita nkhondo yoyeserera, sitima zonse zimene zili pa maphunziro zimalowamo. Imodzi ikati tidikireni, yasokoneza zinzake zonse.

aNaphiri: Zikomo bambo. Koma ndiye bwanji sanatiuze kale? Tsikuli tinaligwirizana iye akudziwa.

Kondwani (Mufakose): Amayi, ine ndimagwira pa sitima za katundu, osati zankhondo, koma vuto lake ndi limodzi. Pepala limanena kuti sitima ituluka pa doko mwezi wakuti. Atsegula injini, apeza china chowonongeka, chitsulo chake chikuchokera kutali, mwezi watha. N'kutheka kuti achimwenewo anawerengera bwino ndipo tchuthi chawo chinagwa pa mpata, koma kukonza kutachedwa maphunziro anakankhidwira pa tsiku lanu.

Bambo Mbewe: Kondwani wakhudza pachilonda. Moyo wa sitima yankhondo umazungulira: kukonzedwa, maphunziro a sitima payokha, maphunziro pamodzi ndi sitima zina, ulendo wa ntchito, n'kubwereranso kokonzedwa. Aku America anaika kuti kuzungulira konseku kuzitenga miyezi 36. Tsono kukonza kukachedwa, tsiku lonyamuka ulendo kawirikawiri silisuntha, chifukwa kutsogoloko kuli sitima ina yotopa imene ikudikira kulandiridwa. Ali pakati ndi maphunziro, ndiye ndi amene amafinyidwa. Injini ikachedwa aliyense amaona, sitima ili phee pa doko. Maphunziro akadulidwa palibe chooneka. Sitima imanyamuka yopakidwa utoto bwinobwino, mbendera ili petupetu, ndipo palibe akudziwa kuti a ulonda wausiku sanayeserepo chochita chiwongolero chikafa. N'chifukwa chake ine ndikamva kuti akuluakulu akana tchuthi kuti milungu 6 ikwane yonse, ndimati mwanayo ali m'manja mwa anthu osamala. Ndikanada nkhawa kumva kuti milunguyo aidula kukhala 3.

Aphunzitsi Kamanga (Tafara): Zimene a Mbewe akunenazi zinaoneka poyera mu 2017. Pa 17 June sitima yankhondo ya America, USS Fitzgerald, inagundana ndi sitima ya katundu pafupi ndi Japan, amalinyero 7 anafera m'chipinda chogona madzi atalowa. Pa 21 August USS John S. McCain inagundana ndi sitima yonyamula mafuta pafupi ndi Singapore, anafa 10. Panalibe mdani, panalibe namondwe. Ofufuza a boma lawo anapeza kuti sitima zokhala ku Japan zinkatumidwa ntchito motsatizana popanda nthawi yopatulira maphunziro, ndipo pofika June chaka chimenecho masetifiketi 37 pa 100 alionse a luso la nkhondo la sitima zimenezi anali atatha ntchito. M'malo moimitsa sitima, ankalemba pepala loti chiopsezo tachiona, pitirizani.

A Gondwe: Aphunzitsi, mwasankha zitsanzo zokukomerani. Nanga amene anafera m'maphunziro momwemo? Kummwera kwathu konkuno sitima yankhondo ya South Africa, SAS President Kruger, inamira mu February 1982 itagundana ndi SAS Tafelberg ali pa masewera a nkhondo, anthu 16 anapita. Mu September 2023 ku Kommetjie pafupi ndi Cape Town mafunde anakokolola anthu pamwamba pa SAS Manthatisi, yoyenda pansi pa madzi ija, akuyeserera ndi helikopita. Atatu anamwalira. Amenewo anawapha ndi maphunziro omwe mukuwatamandawo.

aNabanda: A Gondwe, polankhula tizikumbukira kuti aNaphiri akuwerenga.

Bambo Mbewe: Asiyeni mayi, funso lawo ndi lolemera ndipo sindilizemba. Inde, maphunziro a pamadzi amapha. Chitsulo ndi chenicheni, mafunde ndi enieni. Ndiye chifukwa chake kukonza ndandanda si kudzaza kalendala ayi. Pali masitepe osadumpha. Chinthu chimayamba kukambidwa patebulo. Kenako mumachiyenda ndi mapazi sitima itamangiriridwa pa doko, aliyense akhudze valavu yake ndi dzanja. Kenako panyanja masana, kenako usiku, pomaliza pamodzi ndi sitima zina. Malire a mphepo ndi mafunde amalembedwa tsikulo lisanafike, osati mutaima kale padenga la sitima helikopita ikubwera. Pamakhalanso munthu mmodzi amene ntchito yake ndi chitetezo basi, ndipo akati lekani, zonse zimaima.

Koma chimene ine ndimachiona chachikulu, chomwe olemba ndandanda ambiri amachiiwala, ndi tsiku lopanda kanthu. Ngati ndandanda yadzaza thothotho, woyang'anira akaona nyengo yaipa amadziwa kuti akalepheretsa lero sapezanso mpata mpaka miyezi itatu. Munthu wotereyu amayamba kudziuza kuti mafundewa si aakulu kwenikweni. Muikireni tsiku losungira, mwamupatsa mphamvu yokana.

Chitsanzo china ndi cha ku Norway. Pa 8 November 2018 cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, sitima yankhondo ya Helge Ingstad ikuchokera ku masewera a nkhondo a mayiko a NATO inagundana ndi sitima yamafuta ya Sola TS. M'chipinda chowongolera munali anthu awiri ophunzira ntchito nthawi imodzi. Wowayang'anira anali mnyamata wosakhalitsa pa udindowo, ndipo anali atangolandira ulonda mphindi zochepa. Magetsi a sitima yamafuta ija anawayesa a chinthu choima pafupi ndi doko. Mwa anthu 137 palibe anafa, koma sitima inamira, ndipo ofufuza anati ikanatha kupulumuka akanatseka zitseko zotchinga madzi pothawa. Palibe ananena kuti kuphunzitsa n'kolakwa. Nkhani ndi yakuti wolemba ndandanda ya ulonda ndi wolemba ndandanda ya maphunziro ayenera kuyang'ana pepala limodzi. Ophunzira awiri, njira yopapatiza, usiku, nthawi yosinthana ulonda, zonsezi sizinayenera kukumana pa ola limodzi.

A Gondwe: Pamenepo tagwirizana pang'ono. Koma pang'ono.

A Zimba (Epworth): Pepani kudula nkhani, kodi zopereka za bungwe la maliro za mwezi uno tikupereka kwa ndani?

aNabanda: A Zimba, ndikuyankhani kumbali. Pano tisiye nkhani ya aNaphiri ipitirire.

aNaphiri: Ndikumva ndithu. Koma chimodzi ndinene. Mwana wangayu sawongolera sitima, sagwira mfuti zikuluzikulu. Ndi wophika. Wophika akasowa sabata imodzi, moto sungazimitsidwe?

Aphunzitsi Kamanga: Mayi, funso limeneli linayankhidwa ndi maliro pa 29 July 1967, pa sitima yonyamula ndege ya USS Forrestal nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Roketi inathawa mwangozi, mafuta a ndege anayaka, mabomba anayamba kuphulika. Akatswiri ozimitsa moto ndi amene anathamangira kutsogolo, ndipo ambiri a iwo anafa m'mphindi zoyambirira. Otsalawo anali olimba mtima koma osaphunzira. Ena akuthira thovu lozimitsira mafuta, ena akuthira madzi amene ankakokolola thovulo. Anafa anthu 134. Kuchokera pamenepo aku America anakhazikitsa kuti aliyense wokwera sitima aphunzire kuzimitsa moto, kaya ndi kalaliki kaya ndi wophika.

Bambo Mbewe: Ndiwonjezere kuti kukhitchini ndi amodzi mwa malo amene moto umakonda kuyambira, mafuta otentha ali pomwepo. Ndipo pa sitima zambiri ophika ndi amene amalembedwa kunyamula ovulala pa machira ndi kupereka chithandizo choyamba. Kutsitsa munthu wothyoka msana pa makwerero oimirira, mumdima, utsi uli tolotolo, anthu anayi amene sanachitepo limodzi sangathe. Mu April 1988 USS Samuel B. Roberts inaponda bomba la m'madzi ku Persian Gulf, msana wa sitima unathyoka, moto ndi madzi nthawi imodzi. Sinamire ndipo palibe anafa. Kaputeni wake, Paul Rinn, ankadziwika ndi kuyeseza anthu ake mosalekeza ngoziyo isanachitike.

aNaphiri: Basi ndamva, mtima watsika. Ndikauza ankhoswe kuti malume ake aime m'malo mwake, iye adzaonera pa foni ngati netiweki ilola. Koma ndikudabwa, mauthenga ake amafika 3 koloko usiku, mawa lake masana, tsiku lina m'bandakucha. Anawa amagona nthawi yanji?

Tiyamike (Dzivarasekwa): Funso la amayi ndi langanso. Ine ndine namwino, ndimadziwa mmene mutu umakhalira pakatha masiku angapo a naiti. Umawerenga dzina la mankhwala kawiri osalimva. A Mbewe, munthu wosagona mungamuphunzitse chiyani? Sizikungolowa khutu ili n'kutulukira linalo?

Kondwani: Kwathu ku sitima za katundu lamulo la pakati pa mayiko lokhudza amalinyero, la STCW, limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi maola 77 pa masiku 7. La chitetezo cha panyanja, la SOLAS, limati aliyense ayeserere kuzimitsa moto ndi kusiya sitima kamodzi pamwezi, ndipo ngati oposa 25 pa 100 alionse sanayeserere pa sitimayo mwezi wapitawo, muchite pasanathe maola 24 mutachoka pa doko. Koma malamulo awiriwa sagwira sitima zankhondo. Iwo ali ndi awoawo.

Bambo Mbewe: Mwana wanga Tiyamike, wanena zoona. Kale sitima zambiri za America zinkayenda ulonda wa maola 5, kupuma 10. Tawerengani. Tsiku lanu lasanduka la maola 15, ndiye lero mwagona usiku, mawa masana, mkuja m'mawa, thupi silidziwanso nthawi. Ndipo maola 10 amenewo si a tulo okha. Muli ntchito ya masana, kukonza makina, kudya, ndi maphunziro omwe. Ofufuza anapeza ena akugwira maola oposa 100 pa sabata. Ngozi za 2017 zitachitika analamula ulonda wogwirizana ndi tsiku la maola 24, monga maola 3 pa ulonda, 9 kunja, kuti munthu azigona nthawi yofanana tsiku lililonse.

Koma taonani pamene pali mfundo. Ulonda wa 5 ndi 10 umafuna magulu atatu. Wa 3 ndi 9 umafuna magulu anayi a anthu ovomerezedwa kuima ulonda. Gulu lachinayi limachokera kuti? Ku maphunziro. Sitima imene inanyalanyaza kuphunzitsa achinyamata ake imatsala ndi ovomerezedwa ochepa, ochepawo amatopa, otopawo alibe mphamvu yophunzitsa ena, ndipo chaka chamawa achepanso. Tulo ndi maphunziro si adani. Amene wadula maphunziro lero wadula tulo ta anthu ake miyezi 6 kutsogolo.

Aphunzitsi Kamanga: Pa McCain paja pali chinthu chomvetsa chisoni chokhudza zomwezi. Kaputeni anachedwetsa kuitana gulu la akatswiri loima polowa m'njira yodzaza sitima, pofuna kuti anthu ake apumeko pang'ono. Ndiye vuto litabwera, pa chiwongolero panali anthu ena obwerekedwa ku sitima ina, USS Antietam, amene makina a McCain sanawazolowere. Posamutsa ulamuliro wa liwiro pa kompyuta anasamutsa ndi chiwongolero chomwe osadziwa, woyendetsa n'kuyesa kuti chiwongolero chafa. Injini imodzi inachepa liwiro inzake ikuthamanga, sitima inakhotera kutsogolo kwa yamafuta ija. Munthu anafuna kuchitira anthu ake chifundo, koma ndandanda inali itamufikitsa poti asankhe pakati pa tulo ndi chitetezo.

Tiyamike: Ndiye ine ndikuti zodzutsa anthu 2 koloko usiku ndi belu la moto wabodza zilekeke. Yesererani masana anthu ali ndi nzeru zawo.

Bambo Mbewe: Apo sindikuvomera. Kuphunzitsa chinthu chatsopano, inde, masana, anthu atadya, atagona. Koma kuyesa ngati chalowa m'thupi kuyenera kuchitikako usiku, mosadziwitsa. Ngozi zimene tatchula muno, President Kruger, Fitzgerald, McCain, Helge Ingstad, zonse zinachitika kusanache. Munthu ayenera kudziwa njira yotulukira m'chipinda chake chogona magetsi atazima, ndipo sangaidziwe pa pepala.

Tiyamike: Nanga amene akulowa ulonda 4 koloko mutamudzutsa 2 koloko? Mwayesa moto wabodza, mwaika pa chiwongolero munthu wotopa weniweni.

Bambo Mbewe: Limenelo ndi funso loyenera kufunsidwa pa msonkhano wokonza ndandanda, ndipo kukakhala dokotala kapena namwino wa sitima ndi amene ayenera kulifunsa. Yankho langa ndi loti kuyeserera kwa usiku kuli ndi mtengo, ndipo mtengowo ulembedwe pa ndandanda yomweyo. Mwawadzutsa usiku, mawa m'mawa palibe kuyendera zipinda, palibe kupaka utoto, anthu agone. Muchite sitima ili pa nyanja yotakasuka, osati usiku woti kukacha mulowa pa doko. Ndipo si sabata iliyonse. Chimene ndimakana ndi kuwonjezera za usiku osachotsapo kanthu masana.

Tiyamike: Chabwino, koma ndikanakonda kuti za kubweza tulozo likhale lamulo, osati chifundo cha mkulu amene alipo.

Bambo Mbewe: Pamenepo tili limodzi.

A Chisale (Mbare, ntchito ku Kariba): Ine ndakhala chete ndikuwerenga. Ndimayang'anira maboti a kapenta ku Kariba, anyamata amagwira usiku ndi magetsi. Si sitima yankhondo, koma madzi ndi omwewo. A Mbewe, msonkhano mwautchulawo umayenda bwanji? Ndandandayo mumayambira pati polemba?

Bambo Mbewe: Pa sitima yankhondo mwini ndandanda ndi wachiwiri kwa kaputeni. Sabata iliyonse amakhala pansi ndi akulu a zigawo: a injini, a zida, a kayendetsedwe, a katundu ndi zakudya, a chipatala. Pamakhala pepala lalitali la chaka kapena kuposa, limene limaonetsa nthawi ya doko, ya ulendo, ya mayeso. Kuchokera pamenepo amadula la miyezi itatu, la mwezi, la sabata, mpaka dongosolo la tsiku limene limapachikidwa madzulo kuti aliyense adziwe za mawa. Msonkhanowo ntchito yake yaikulu ndi kuthetsa kulimbirana. A injini akufuna kuzimitsa jenereta kuti ayeserere mdima, a radar akufuna magetsi ola lomwelo. Onse akufuna anyamata omwewo, chifukwa wogwira payipi ya moto ndi yemweyo ali pa kosi ya wailesi.

Koma mwafunsa poyambira. Ambiri amayambira pa mndandanda wa zoyenera kuchitika: chakuti kamodzi pamwezi, chakuti kamodzi pa miyezi itatu. Ine ndimati yambirani pa mayina a anthu ndi miyezi imene adzachoke. Lembani udindo uliwonse, amene akuugwira, mwezi umene adzasamutsidwe, ndi amene akuphunzira kulowa m'malo mwake. Mukatero mudzaona maenje akubwera patali. Zili ngati kwaya ya kutchalitchi kwathu kuno: mutha kukhala ndi nyimbo zonse m'buku, koma abesi onse atatu akasamuka mwezi umodzi, Lamulungu limenelo kulibe kwaya, ndipo wabesi saphunzitsidwa Loweruka madzulo. Ngati kosi ya kumtunda imatenga miyezi iwiri ndipo malo ake amalembetsa kukadali theka la chaka, ndiye dzina la wolowa m'malo liyenera kudziwika kukadali miyezi 8 kapena kuposa mwini malo asanachoke. Zoyeserera za pamwezi zimabwera pambuyo, kudzaza mozungulira zimenezi.

Kondwani: Bambo, ndifunse za mapepala. Ine ndaonapo sitima zimene kuyeserera kumachitika Loweruka masana, aliyense akudziwa, tavala majekete, taima pamzere, tasaina, tabwerera. Buku ladzaza bwinobwino. Oyendera akabwera amapeza zonse zili m'malo. Ku zankhondo zimenezi kulibe?

Aphunzitsi Kamanga: Kuliko, ndipo nthawi zina buku limanena zoona koma palibe woliwerenga. USS Bonhomme Richard inapsa pa doko ku San Diego mu July 2020 ikukonzedwa. Moto unayaka masiku oposa anayi, sitima yonse inatayidwa. Lipoti linapeza kuti moto usanabuke, anthu ake analephera maulendo 14 otsatizana kufikitsa chozimitsira pa moto mu nthawi yoikika poyeserera. Panalinso batani lotulutsa thovu limene silinakanikizidwe.

Bambo Mbewe: Maulendo 14! Ndiye kuti ndandanda inkayenda, bokosi lililonse likuchongedwa kuti zachitika. Funso la pa msonkhano lisakhale lakuti tachita kodi, likhale lakuti takhoza kodi. Chimene chalephereka chibwerere pa ndandanda ya sabata yotsatira, ndi gulu lomwelo, ndipo china chichoke kuti chipeze malo. Komanso nthawi ya doko anthu amaiyesa yopuma, pamene ndi yoopsa kwambiri pa moto: owotcherera zitsulo ali paliponse, zingwe zadutsa m'zitseko moti sizitsekeka, zozimitsira zina zazimitsidwa, anthu ambiri ali kunyumba. Kagulu kotsala pa sitima Lamulungu m'mawa ndi kamene kayenera kuyesedwa, osati sitima yodzaza Lachiwiri. Sitima ya ku New Zealand, Manawanui, inakwera pamiyala ku Samoa mu October 2024 n'kumira, chifukwa oyendetsa sanazindikire kuti makina odziyendetsa okha akadali oyaka. Anthu 75 anapulumuka onse, koma ofufuza analozanso ku maphunziro osakwanira.

A Gondwe: Zonsezi ndi za mayiko a ndalama. Ife Zimbabwe nyanja yamchere tilibe, Malawi chimodzimodzi. Asilikali a pamadzi a ku Monkey Bay ali ndi maboti, osati zimphona mukutchulazi. Dziko losauka likawotcha dizilo poyeserera, lidzayenda ndi chiyani tsiku la kusefukira kwa madzi?

Aphunzitsi Kamanga: Musaichepetse nyanja ya kwathu a Gondwe. Sitima ya Vipya inamira mu July 1946 kumpoto kwa nyanja ya Malawi ndi anthu 145, nyengo ya mwera. Ndipo madzi akasefukira ku Nsanje ndi Chikwawa, monga nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, amene amatumidwa ndi maboti omwewo.

Bambo Mbewe: Funso la dizilo ndi lenileni kwa gulu lililonse laling'ono, ndipo ndi pamene luso lokonza ndandanda limaonekera. Gawani zinthu pawiri. Zambiri sizifuna dontho la mafuta: kuzimitsa moto, kutseka chiboo ndi matabwa, chithandizo choyamba, kuwerenga mapu, malamulo opewera kugundana, kulankhula pa wailesi, kusamutsira chiwongolero ku chamanja. Zonsezi zichitike boti litamangiriridwa, mpaka anthu azichita osaganiza. Zotsala ndi zochepa zimene madzi okha angaphunzitse: kuyandikira doko mphepo ikukankha, kutola munthu m'madzi, kukoka boti lina, kuyenda usiku. Zimenezi musazitulutsire ulendo wapadera. Zikwezeni pa ulendo wa ntchito umene ulipo kale. Mukupita kukayendera malire, ola limodzi pobwerera ndi la mnyamata watsopano pa chiwongolero.

Nyengo nayo ilowe m'ndandanda. Pa nyanja ya Malawi mwera umalimba June mpaka August. Woyendetsa watsopano ayambe mwera usanafike, kuti ukamabwera akhale atazolowera boti, ndipo alowe nawo m'mafundewo ali pambali pa wamkulu. Wofika mu July n'kupatsidwa boti yekha, ameneyo ndandanda yamulakwira.

A Gondwe: Ola limodzi pobwerera ndi dizilo ndithu. Koma ndavomera kuti ndi locheperapo.

A Chisale: Kwa ife mpata ulipo kale. Masiku a mwezi wowala kapenta sabwera ku magetsi, maboti amaima, anyamata amabalalika. Ndikuganiza zowasunga tsiku limodzi asanapite kwawo. M'mawa moto wa pa jenereta ndi majekete, masana wina adziponye m'madzi anzake amutole. Ndiyambenso kulemba amene amadziwa kuliza injini pa boti lililonse, chifukwa ndikuona kuti maboti ena ndi munthu mmodzi yekha.

Bambo Mbewe: Za kulemba mayina yambani lero lomwe, musadikire mwezi. Tsikulo likhale lolipidwa, apo ayi adzabwera ndi thupi lokha. Koma musaponye munthu m'madzi a Kariba, muli ng'ona ndi mvuu. Tengani chigubu, muthiremo madzi kuti chilemere, mumange nsalu yooneka, muponye osawachenjeza. Mmodzi afuule n'kuloza ndi dzanja osachotsa maso, wina aponye chothandizira kuyandama, woyendetsa akhotere mbali imene chagwera kuti chopalasira cha injini chitalikire, ndipo poyandikira achotse giya. Gwirani wotchi, lembani mphindi. Akakhoza masana mwezi uno, mwezi wamawa muchite kutada, magetsi a kapenta ali oyaka, chifukwa amathobwa m'maso ndipo kunja kwa kuwalako simuona kanthu. Woyendetsa wa masiku onse akhale pansi ulendo wachiwiri, agwire wina.

A Chisale: Ndalemba zonse. Mphindi zikatuluka ndidzaziika pagulu pano, mudzandiuze ngati zili bwino.